“Homuweki ili pa WhatsApp, amalume”

Mwezi wathawu ndinapita kukacheza kwa mchemwali wanga, ndipo ndinapeza mwana wake wamkazi, wa Sitandade 5, atakhala pakhonde ndi foni ya amayi ake. Nditamufunsa zomwe amachita, anandiyankha osadzutsa n'komwe mutu: “Homuweki ili pa WhatsApp, amalume.” Aphunzitsi ake anatsegula gulupu ya kalasi, ndipo ntchito yokachitira kunyumba amaiponya mmenemo.

Ndinayang'ana wotchi. Mundikhululukire, ndi matenda a ntchito: munthu wophunzitsa Fizikisi akaona chinthu chikuchitika, manja amamuyabwa kuti achiyeze. Homuwekiyo inali masamu 5 basi. Kukopera m'kope kunamutengera mphindi 3. Foni inabwerera kwa mwini wake patatha mphindi 40. Mphindi 37 zinazo zinathera pa anthu ovina, mphaka wina amene anagwera m'ndowa, ndi mnyamata wovala suti amene ankalonjeza kuphunzitsa anthu kulemera m'masiku 7. Masamu aja anawalemba kutada, akuodzera.

Mwanayu si wamwano, si waulesinso. M'kalasi mwake amakhoza bwino ndithu. N'chifukwa chake nkhaniyi inandivutitsa mutu. Tikudya, mchemwali wanga anati: “Achimwene, kusukulu aitanitsa msonkhano wa makolo. Ena akufuna kuti ana onse kuyambira Sitandade 5 akhale pa gulupu, komanso kalasi iliyonse ikhale ndi tsamba pa Facebook loti ana aziikapo ntchito zawo. Inu ndi aphunzitsi, tikanene chiyani?”

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya kupulayimale ikukukhudzani bwanji inu a Fomu 2 kapena Fomu 4. Ikukukhudzani kwambiri, chifukwa m'nyumba zambiri akatswiri a foni ndinu. Ndinu amene mumatsegulira amayi akaunti, mumagula bandulo, mumadziwa pasiwedi ya foni ya bambo. Mng'ono wanu akafuna TikTok sapita kwa agogo, amabwera kwa inu. Ndiye maganizo anga ndikuuzani inu, monga ndinawauzira amayi a mwana uja.

Aphunzitsi ndi makolo azigwiritsa ntchito WhatsApp ndi masamba ena a mchezo mmene angathere. Koma mwana wa pulayimale asakhale ndi akaunti yakeyake, ndipo sukulu isapereke ntchito imene mwana sangaipeze popanda kulowa pa masamba amenewa. Sindikudana ndi intaneti, ndipo sindikudana ndi makina m'kalasi. Chimene ndikukana ndi chinthu chimodzi, ndipo ndikufuna muone mmene chinthucho chinapangidwira.

Tiyambe ndi nambala 13. Facebook, Instagram, TikTok ndi WhatsApp onse amalemba m'malamulo awo kuti munthu wosakwana zaka 13 asatsegule akaunti. Ambiri amaganiza kuti asayansi anapima ubongo n'kupeza kuti umakhwima pa zaka 13. Ayi. Nambalayi inachokera ku lamulo la ku America la mu 1998, lotchedwa COPPA, limene limaletsa makampani kutolera zinsinsi za ana osakwana zaka 13 popanda chilolezo cha makolo. Makampaniwo anaona kuti njira yachidule ndi kungolemba kuti ana aang'ono asalowe. Tsono werengani nokha. Kuno mwana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Akapanda kubwereza kalasi, amafika Sitandade 8 ali ndi zaka 13. Ndiye kuti pafupifupi pulayimale yonse ili kunsi kwa mzere umene eni masambawo anajambula okha. Sukulu ikauza mwana wa zaka 10 kuti atsegule akaunti, phunziro loyamba limene mwanayo waphunzira ndi kunamiza chaka chake chobadwa. Ndipo wom'thandiza kunamizako nthawi zambiri ndi inu.

Koma lamulo lokha silikanandichititsa kulemba zonsezi. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi makina ake.

Munakhalapo pa ukwati kapena ku tchalitchi pamene wolankhula wayandikira sipika ali ndi maikolofoni m'manja? Pamamveka kulira kuja kobaya m'makutu, anthu onse n'kugwira mitu. Chimachitika ndi ichi. Maikolofoni imatola kaphokoso kakang'ono, ampulifaya imakakulitsa, sipika imakatulutsa, maikolofoni imakatolanso kali kakakulu, ampulifaya n'kukakulitsanso. Zimazungulira choncho kambirimbiri pa sekondi imodzi mpaka kaphokoso kaja kasanduka chimkuwo. Mu sayansi timati feedback: zotuluka zikubwerera kukakhala zolowa. Palibe amene walakwa, makinawo angochita zimene anapangidwira. Mankhwala ake ndi amodzi, kuchotsa maikolofoni pafupi ndi sipika.

Tsamba la mchezo limagwira ntchito mofananamo. Mkati mwake muli pulogalamu, imene amaitcha algorithm, yosankha choti ikuonetseni. Imayeza zinthu zosavuta kuyeza: vidiyo mwaionera masekondi angati, mwaibwereza kapena mwaidumpha, mwaima pati, mwatumizira ndani. Mukachedwa pang'ono pa mphaka wogwera m'ndowa, imakubweretserani mphaka wina. Mukachedwanso, imawonjezera. Maso anu ndiwo maikolofoni, sikirini ndiyo sipika. Ndipo zindikirani chimene pulogalamuyi siiyeza. Siiyeza ngati mwamvetsa. Siiyeza ngati zimene mwaonazo ndi zoona. Kampani imapeza ndalama pogulitsa malo otsatsira malonda, ndiye chimene ikufuna ndi nthawi yanu, basi. Mphunzitsi wa Sitandade 5 amafuna mwana amalize masamu atseke kope akagone. Pulogalamuyo imafuna mwanayo asamalize. Awiriwa sangagwire ntchito m'chipinda chimodzi n'kumati akuthandizana.

Wina anena kuti WhatsApp ilibe algorithm yoteroyo, ndi mauthenga chabe. Zoona, pa macheza a pagulupu palibe pulogalamu yosankha. Koma WhatsApp imakhala m'foni, ndipo m'foni momwemo, chala chimodzi kumbali, muli zina zonse. Mwana wa mchemwali wanga sananame. Analoweradi pa homuweki. Kutuluka ndiye kunavuta.

N'chifukwa chiyani kutuluka kumavuta? Pano tibwereke kwa a sayansi ya khalidwe. Katswiri wina wa ku America, B. F. Skinner, ankaika nkhunda m'bokosi momwe munali kabatani. Nkhunda ikajompha kabataniko, pankagwa njere. Iye anayesa njira zosiyanasiyana zoperekera njerezo. Akamapereka njere pa kujompha kulikonse, nkhunda inkadya, ndipo njere zikasiya kugwa inkaleka msanga. Koma akamapereka mosadziwika, pena pa kujompha kwachitatu, pena kwa 20, pena kawiri motsatizana, nkhundayo inkajompha mosalekeza, ndipo inkapitirizabe kwa nthawi yaitali ngakhale njere zitatha. Iye ndi mnzake Charles Ferster anasindikiza buku lonse la zoyesa zimenezi mu 1957. Makina a juga amayendera mfundo yomweyi. Tsopano taganizani chala chanu chikukankhira sikirini m'mwamba. Vidiyo iyi yosasangalatsa, iyi yosasangalatsa, iyi ha, yoseketsa! Yotsatira bwanji? Simukudziwa, ndipo kusadziwako ndiye ulimbo wake. Kale tsamba la pa intaneti linkatha, munthu n'kudina kuti apite tsamba lachiwiri, ndipo pamenepo ankapeza mpata wodzifunsa ngati akufunadi kupitiriza. Cha m'ma 2006 anatulukira njira yoti tsamba lisamathe. Mpata uja unachotsedwa mwadala.

Ine ndili ndi zaka zopitirira 30, ndinaphunzira zimenezi, ndikuzidziwa, koma pali usiku wina umene ndimadzipeza ndili pa foni 1 koloko m'mawa mapepala a Fomu 3 osachonga ali pambali. Inunso mukudziwa za inu eni. Nanga mwana wa zaka 10? Mbali ya ubongo ya kumphumi, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa, imachedwa kukhwima kuposa mbali zina zonse, ndipo imapitiriza kukula mpaka munthu atadutsa zaka 20. Kupatsa mwana foni n'kumuuza kuti “ukangoona homuweki ubweze” kuli ngati kumutuma kukagula mchere n'kumudutsitsa pakati pa bwalo pamene gule wafika pakolasa.

Pali nkhani ya tulonso. Madokotala amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12. Thupi limadziwa kuti kwada chifukwa cha kuchepa kwa kuwala, ndipo limatulutsa timadzi totchedwa melatonin timene timabweretsa tulo. Kuwala kwa mtundu wa buluu, kwa mafunde afupiafupi a pafupifupi ma nanometre 480, ndiko kumachedwetsa kwambiri timadzi timeneti, ndipo sikirini imatulutsa kuwala kotero. Ndisakunamizeni, kuwala kwa foni ndi kochepa kwambiri poyerekeza ndi dzuwa, ndiye si kokhako kumene kumaba tulo. Wakuba wamkulu ndi nkhunda ija ya Skinner. Koma homuweki yotumizidwa 7 koloko madzulo imaika foni m'manja mwa mwana pa nthawi yoipitsitsa pa tsiku lonse.

Tsopano tibwere kwathu kuno, chifukwa zonse ndanenazi zikukhudza mwana amene kwawo kuli foni. Nanga amene kwawo kulibe?

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse m'Malawi zinkaunikira magetsi. Kuchokera nthawi imeneyo masola achuluka, ndikuvomera, koma aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa ulendo wokatchajitsa foni pa tredingi senta ndi kulipira kwake. A Fomu 3, tulutsani zolembera. Batire la foni wamba ndi 4000 mAh, ndiye kuti 4 Ah, pa mavoti pafupifupi 3.8. Mphamvu ndi V kuchulukitsa ndi I kuchulukitsa ndi t, ndiye tikupeza pafupifupi 15 Wh. Mphamvu yomweyo ikhoza kuyatsa babu la LED la mawati 5 kwa maola 3. Maola 3 a kuwala, ana 4 atazungulira tebulo limodzi, aliyense ndi kope lake. Pakhomo pamene pali kasola kamodzi kakang'ono, kusankha kumeneku si kwa m'buku ayi, ndi kwa madzulo alionse.

Bandulo nayo ili ndi masamu ake. Chilembo chimodzi chimatenga pafupifupi byte imodzi. Tsamba lodzaza la zilembo 2000 ndi ma kilobyte 2. Vidiyo ya mphindi imodzi imatha kufika ma megabyte 5 kapena kuposa, omwe ndi ofanana ndi masamba 2500 a mawu. Homuweki yeniyeniyo siidya bandulo. Chimene chimadya ndalama ya ndiwo ndi mphindi 37 zija.

M'kalasi ya mwana wa mchemwali wanga, aphunzitsi amadziwa kuti si onse ali pa gulupu, ndiye anati amene alibe foni azikopera kwa anzawo m'mawa. Tamvani bwino mawu amenewo. Mwana wosauka azipita kukapempha kwa mwana wa kwa olemera ntchito imene aphunzitsi ake apereka. Akafika mochedwa, kapena akayambana dzulo lake, palibe homuweki. Mu 1994 dziko lino linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana oposa miliyoni imodzi anakhamukira m'makalasi m'chaka chimodzi. Cholinga chinali choti mwana asatsale chifukwa cha umphawi wa makolo ake. Homuweki ya pa WhatsApp ndi fizi yolowera kukhomo lakuseri: foni ya tachi, bandulo, ndi kutchaja. Bolodi ndi choko zili ndi ubwino umodzi umene timaunyozera. Ana onse 90 m'kalasi amaziona nthawi imodzi, mwaulere.

Sindikuwadzudzula aphunzitsi aja. Ndikudziwa tanthauzo la kalasi yodzaza, mabuku ochepa, ndi choko chotha pakati pa teremu. Munthu akapeza njira yotumizira ntchito kwa ana ambiri ndi chala chimodzi, amaona ngati Mulungu wayankha. Ndipo pali zinthu zimene magulupuwa amachita bwino kwambiri, zimene sindingalole kuti zichotsedwe. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagunda chigawo cha kummwera, sukulu zinatsekedwa m'maboma ambiri, ndipo mauthenga ofulumira pa foni anathandiza makolo kudziwa zoti ana asatuluke. Kholo limene silidziwa kuwerenga likhoza kumvera uthenga wa mawu wochokera kwa aphunzitsi aakulu. Ineyo ndili pa gulupu ya aphunzitsi a sayansi, ndipo mmenemo ndinaphunzira kupanga mota yaing'ono ndi batire la tochi, waya wa kopa ndi maginito a m'sipika yakufa, kuchokera kwa mnzanga wa sukulu ya kutali amene sindinakumanepo naye. Mphunzitsi wa Sitandade 3 kumudzi akhoza kupeza njira yatsopano yophunzitsira kugawa manambala kuchokera kwa mnzake wa boma lina. Zonsezi ndi zabwino. Koma onani amene wagwira foni pa zitsanzo zonsezi: ndi wamkulu.

Mtsutso umene ndimaumva kwambiri ndi wakuti dziko lasintha, ana aphunzire tekinoloje akadali aang'ono, m'mera mpoyamba. Mwambiwo ndi woona, koma funso ndi lakuti tikubzala chiyani. Kukankha sikirini si luso. Mainjiniya olipidwa ndalama zambiri anagwira ntchito zaka kuti mwana wa zaka 2 athe kuchita zimenezi popanda womuphunzitsa. Palibe amene analephera moyo chifukwa anachedwa kuphunzira TikTok. Inu munaiphunzira masiku angati? Luso lenileni la makina ndi kutaipa, kufufuza chinthu n'kuchipeza, kusiyanitsa zoona ndi zabodza, kulemba pulogalamu. Zonsezi zaima pa mwendo umodzi, kuwerenga. Ndipo apa m'pamene pali bala lathu. Mu 2022 World Bank ndi mabungwe anzake anayerekeza kuti kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ana pafupifupi 9 mwa 10 alionse amafika zaka 10 asakutha kuwerenga ndi kumvetsa kankhani kosavuta. Ine ndimakumana ndi zotsatira zake mu Fomu 1. Mwana walephera funso la density, ukakhala naye pansi ukupeza kuti kugawa amatha, koma sanamve chimene funsolo likufunsa. Vuto limenelo silinayambe kusekondale, ndipo mavidiyo a masekondi 20 sangalithetse.

Mukudziwa nonse za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa cha fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku kalaibulale kakang'ono, ndipo buku lotchedwa Using Energy ndilo linamuonetsa chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ankayang'anitsitsa zithunzi, kufunsa tanthauzo la mawu, kubwereranso tsamba lomwelo mawa lake. Intaneti anaigwira koyamba mu 2007, ku msonkhano wa TED ku Arusha, makina ake atazungulira kale zaka zingapo. Musandimve molakwa. Akanakhala ndi intaneti yofufuzira, ntchito yake ikanafulumira. Koma kufufuza ndi chinthu china, masamba a mchezo ndi chinanso. Pofufuza, funso ndi lanu, mukapeza yankho mumachoka. Pa tsamba la mchezo simunafunse kanthu, makina ndi amene akusankha, ndipo sakufuna muchoke. Chimene chinapanga makina a mphepo aja ndi kutha kukhala pa tsamba limodzi lovuta kwa masiku ambiri. Luso limenelo limamera ku pulayimale, ndipo ndi lomwelo limene feedback ija imadya.

Kuti muone kuti sindikulimbana ndi makina, taonani matabuleti amene afika m'sukulu zambiri za pulayimale m'dziko muno. Pulogalamu yake inapangidwa ndi bungwe la onebillion, ndipo imaphunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Mu 2019 bungweli linagawana mphoto ya Global Learning XPRIZE ndi gulu lina lotchedwa Kitkit School, mapulogalamu awo atayesedwa m'midzi ya ku Tanzania. Kuyambira 2023 boma likufalitsa matabuletiwa m'sukulu kudzera mu ndondomeko ya BEFIT. Mwana amavala zomvera m'makutu, amachita phunziro lake, nthawi ikakwana amapereka kwa mnzake. Amatchajidwa ndi sola. Safuna bandulo. Mulibe mlendo wotumiza uthenga, mulibe wotsatsa malonda, ndipo phunziro limatha. Sikirini ndi yomweyo, galasi ndi lomwelo, ma elekitironi ndi omwewo. Kusiyana kuli pa chimene wopanga pulogalamuyo ankafuna kuti mwana achite.

Ndatchula mlendo wotumiza uthenga, ndipo apa sindichedwapo chifukwa mukudziwa kuposa ine. Pa gulupu ya WhatsApp nambala ya aliyense imaonekera kwa onse. Gulupu ya kalasi ya ana 90 ndi manambala 90 a mafoni amene amagwiridwa ndi amalume, alamu, alendi ndi ena amene aphunzitsi sanawaonepo. Chithunzi cha mwana atavala yunifolomu chikaikidwa pa tsamba la sukulu chimauza aliyense kumene mwanayo amapezeka 7 koloko m'mawa. Atsikana amene mukuwerenga, mukudziwa mauthenga amene amabwera ku inbox kuchokera kwa anthu osawadziwa. Inu mwina mwaphunzira kubuloka. Mng'ono wanu wa zaka 9 amayankha wamkulu aliyense mwaulemu, chifukwa ndi zimene tinamuphunzitsa.

Ndipo pali mabodza. Mu 2021 mwana wina wa Fomu 2 anabwera ndi vidiyo m'kalasi mwanga yoonetsa ndalama yachitsulo itamatirira pa mkono wa munthu amene anabayitsa katemera wa Covid-19. Ankati katemerayo ali ndi maginito. Kalasi yonse inakhulupirira. Sindinatsutse, ndinangotenga kampasi ya mu labu n'kuiyandikiza pa mkono wanga wobayidwa. Singano sinagwedezeke. Kenako tinamata ndalama pa mphumi pa mnyamata wina amene sanabayitse, ndipo inakhala, chifukwa cha thukuta ndi mafuta a pakhungu. Titawazapo ufa inagwa. Tinawerengeranso kuti katemera yense ndi theka la mililita, kadontho kodutsa pa singano yopyapyala. Linali phunziro labwino koposa teremu yonseyo. Koma linatheka chifukwa anawo anali ataphunzira kale za maginito ndipo anali ndi zida zoyesera bodzalo. Mwana wa Sitandade 4 alibe zida zimenezo. Kwa iye chilichonse chotuluka m'foni momwe mumatuluka homuweki ya aphunzitsi chili ndi ulemu wa aphunzitsi. Akuluakulu a Fomu 4 amakumbukiranso Novembala 2020, pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa mapepala atabedwa n'kufalikira pa mafoni, ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa, n'kulembanso mu Januwale 2021. Chinthu chikalowa pa gulupu sichibwezeka.

Maiko amene ali ndi magetsi ndi intaneti nyumba iliyonse, amene tikuwathamangira kuti tiwapeze, ena a iwo akubwerera m'mbuyo. France inaletsa mafoni m'sukulu za pulayimale ndi za sekondale yoyambirira mu 2018. Australia inakhazikitsa lamulo mu Novembala 2024 loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa masamba a mchezo akuluakulu. Sindikunena kuti tiziwatsanzira pa chilichonse, ndipo lamulo la Australia lili ndi otsutsa ake amene akuti ana angopeza njira yolizembera. Mwina akunena zoona. Koma zimandiseketsa kuona ife tikukankhana kulowa pakhomo pamene eni nyumba akutulukira.

Ndivomere chinthu chimodzi chimene chimandivuta. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, ine ndemwe ndinaphunzitsa pa WhatsApp, ndipo ana ena anapindula. Ndikanakhala mphunzitsi wa Sitandade 8 nthawi imeneyo, mayeso a PSLCE ali pakhomo, ndikanachitanso chimodzimodzi, chifukwa kalasi panalibe. Koma ndimakumbukiranso amene anasowa miyezi yonseyo, ndipo anali ambiri kuposa amene ankayankha. Kwa ana a pulayimale, maphunziro a pa wailesi ndi amene anali ndi mwayi wofika kumudzi, chifukwa wailesi imodzi ya mabatire imamveka bwalo lonse. Njira ya pangozi ndi ya pangozi. Munthu amatulukira pawindo nyumba ikamapsa, koma moto ukazima sagumula chitseko.

Mchemwali wanga anapita ku msonkhano uja ndi mfundo zitatu zimene tinagwirizana: gulupu ikhale ya makolo ndi aphunzitsi okha, homuweki izilembedwa pa bolodi ana asanaweruke, ndipo zithunzi za ana zisaikidwe pa tsamba lililonse popanda kholo kuvomera. Sanapambane zonse. Za tsamba la Facebook zinakanidwa, za bolodi zinavomerezedwa, koma makolo ena, makamaka ogwira ntchito m'tauni, anaumirira kuti homuweki izitumizidwabe pa gulupu kuti iwo aziona zimene ana apatsidwa. Pamenepo ali ndi mfundo, sindingawatsutse. Bambo wina akuti anaimirira n'kunena kuti aphunzitsi a masiku ano akuopa chitukuko. Uthengawo unandifika, ndaulandira.

Kwa inu, ndili ndi ntchito ya mu labu yosafuna labu. Mafoni ambiri a Android ali ndi malo otchedwa Digital Wellbeing mu Settings, amene amaonetsa mphindi zimene pulogalamu iliyonse yagwiritsidwa ntchito pa tsiku. Musanatsegule, lembani papepala chimene mukuganiza kuti mupeza. Kenako tsegulani muyerekeze. Chitani zimenezi masiku 7, pa foni yanu kapena pa foni imene mng'ono wanu amabwereka, mujambule girafu, masiku kunsi, mphindi kumbali. Mukatero yesani kusintha chinthu chimodzi chokha, monga timachitira pa kuyesa kulikonse: homuweki ikabwera pa foni, muikopere inu m'kope la mng'ono wanuyo, foni isadutse m'manja mwake. Muyezenso masiku 7. Amene ndimakuphunzitsani, bweretsani magirafuwo Lachisanu tidzawaone limodzi, langa ndibweretsanso, ngakhale ndikudziwa kale kuti lindichititsa manyazi.

Kwa mchemwali wanga ntchito yokoperayi anaipereka kwa mwana wawo wamkulu, mnyamata wa Fomu 2. Loweruka lapitali ndinadutsako. Masamu anali atalembedwa dzuwa lisanalowe. Mwana wamkazi uja anandipatsa moni atagwada bwinobwino, anandibweretsera madzi osamba m'manja, koma sanandiyankhule kanthu kena mpaka ndinatsanzika. Mchimwene wake ndiye anandiperekeza, ndipo tili panjira anandiulula kuti iyeyo akamaliza kukopera, foni amaibweza patatha mphindi 30.